Solo ya Blues Yomveka Jazz mu A Minor: Manoti Oti Musinthe Chord Ikasintha

Takulandirani, anzathu oimba gitala. Ichuneni kaye gitala yanuyo, chifukwa lero tiimbira limodzi kuyambira poyambirira. Vidiyo ino ndi ya inu amene minor pentatonic mumaidziwa kale, mumakwera ndi kutsika nayo bwinobwino, koma mukamvera solo yanu mumaona kuti ikungozungulira pamodzimodzi pamene ma chord kumbuyoko akuyenda. Mankhwala ake ndi ochepa: chord ikasintha, inunso musinthe noti imodzi kapena ziwiri, pa nthawi yake yeniyeni. Manoti amenewo ndi amene tikusonyezeni.

Mawaya tiziwawerenga kuchokera pansi: waya 1 ndi wowonda uja, waya 6 ndi wonenepa.

PA SIKIRINI:
Am7 | Am7 | Am7 | Am7
Dm7 | Dm7 | Am7 | Am7
F7 | E7 | Am7 | E7

Awa ndi ma bar 12 a minor blues, bar iliyonse ma beat 4. Musanayambe solo, jambulani ma chord amenewa pa foni kuti muziimbira pamwamba pake. Manoti atatu pa chord iliyonse akukwanira. Am7: waya 6, waya 4 ndi waya 3, onse pa fret 5. Dm7: waya 5 fret 5, waya 4 fret 3, waya 3 fret 5. F7: waya 5 fret 8, waya 4 fret 7, waya 3 fret 8. E7 ndi kagwiridwe komweko ka F7, mungobweza dzanja fret imodzi. Menyani kamodzi pa beat iliyonse, mwachidule, osalola chord kulira nthawi yaitali. Pa liwiro la 90, ndiko kuti ma beat 90 pa mphindi, kuzungulira ma bar 12 kamodzi kumatenga masekondi 32, choncho jambulani mphindi zisanu kapena kuposerapo kuti musamaime pafupipafupi.

Mawu a gitala: sankhani pickup yakukhosi, bwezani tone ifike pa 5 kapena 6, distortion muzimitse, reverb pang'ono chabe. Mawu oyera amaulula noti iliyonse, ndipo n'zimene tikufuna.

PA SIKIRINI: khosi la gitala, fret 4 mpaka 8

Poyambira pathu ndi A minor pentatonic imene mumaidziwa ija: A, C, D, E, G, pakati pa fret 5 ndi fret 8. Pa ma bar anayi oyamba a Am7 manoti onsewa ndi abwino. Onjezanipo awiri. Yoyamba ndi B, pa waya 1 fret 7 kapena waya 3 fret 4. Yachiwiri ndi F#, pa waya 2 fret 7. Pentatonic ikalandira B ndi F# imasanduka scale imene amati Dorian, ndipo F# ameneyu ndi amene amawalitsa minor kuti isamveke yachisoni chokhachokha. Yesani: G pa waya 2 fret 8, tsikirani pa F#, igwireni ma beat awiri, kenako E pa fret 5.

GITALA: chitsanzo, kawiri

Koma chenjerani, F# ali ndi malire. Bar 5 ikafika, chord ndi Dm7, ndipo mkati mwake muli D, F, A, C. F# wanu uja akakumana ndi F wa mu chord amakangana, chifukwa asiyana fret imodzi yokha, komanso F# amafuna kusandutsa D minor kukhala D major pamene woimba rhythm akugwira minor. Ambiri akamva kuwawa kumeneku amathawa n'kubwerera ku pentatonic, n'kumati Dorian siigwira. Imagwira, koma pa Am7 pokha. Pa Dm7 bwezani chala fret imodzi: waya 2 fret 6, ndiye F. Noti imodzi yomweyi, ikatera pa beat 1 ya bar 5, womvera amadziwa kuti chord yasintha ngakhale gitala ya rhythm itazimitsidwa.

Nayi njira yofikira pa F ija mokoma. Musaigwere mwachindunji, izungulireni. Pa beat 4 ya bar 4 imbani G pa fret 8, kenako E pa fret 5, ndipo pa beat 1 ya bar 5 terani pa F, fret 6. Zonse pa waya 2: noti yapamwamba, noti yapansi, kenako imene mumafuna. Chomwechonso pobwerera ku Am7 pa bar 7: waya 3, D pa fret 7, B pa fret 4, terani pa C, fret 5. Oimba jazz amachita zimenezi kawirikawiri. Cholakwika chofala n'kuchedwa kuyamba, noti yofunikayo n'kutera pa beat 2. Ikatero mphamvu yake yatha. Werengani mokweza: 1, 2, 3, ndipo pa 4 chala chikhale chanyamuka kale.

PA SIKIRINI:
F7: F, A, C, Eb
E7: E, G#, B, D

Tsopano tafika pa bar 9 ndi bar 10, pamene pagona nkhani yonse. Ngati nthawi yanu yoyeserera ndi yochepa, ithereni pano.

Yang'anani mizere iwiriyo. Kuchoka pa F7 kupita pa E7, noti iliyonse ikutsika fret imodzi: F apita pa E, A apita pa G#, C apita pa B, Eb apita pa D. Ndiye kuti kachidutswa kalikonse kopangidwa ndi manoti a F7, mukakabwereza mutabweza dzanja fret imodzi, kagwira pa E7. Yesani ndi manoti awiri okha: Eb pa waya 3 fret 8 ndi A pa waya 4 fret 7 mu bar 9, kenako D pa waya 3 fret 7 ndi G# pa waya 4 fret 6 mu bar 10. N'zophweka, koma zimamveka ngati za munthu wodziwa kumene akupita.

Pa F7 noti yoipewa ndi E. Chord ili ndi Eb, choncho mukagwira E nthawi yaitali zimagundana. Chosangalatsa n'chakuti Eb mumaidziwa kale: ndi blue note ija imene mumangoidutsa mwachangu pa waya 3 fret 8 kapena waya 5 fret 6. Pa Am7 ndi noti yodutsa, yosayenera kukhalitsapo. Pa F7 ndi noti ya mu chord, mutha kuimapo ndi mtima wonse. Tengani pentatonic yanu, chotsani E, ikanipo Eb, bar 9 mwathana nayo.

Pa E7 noti yaikulu ndi G#. Ili pa waya 4 fret 6, komanso pa waya 1 fret 4. Mu pentatonic mulibemo, n'chifukwa chake solo ya pentatonic yokha imafika pa bar 10 osamveka kuti pachitika kanthu. G# ili fret imodzi pansi pa A, ndipo khutu likaimva limayembekezera A. Kukoka kumeneku n'kumene kumabwezera nyimbo ku Am7. Noti yoipewa pano ndi A mwiniwake: mukaigwira nthawi yaitali pa E7 imagundana ndi G#, komanso mwafika msanga kumene mumayenera kufika mu bar 11. Nanga G wamba? Ameneyo ndi wololedwa. G pamwamba pa E7 amapereka kuwawa kokoma kwa blues, makamaka mukamuimba pamwamba, waya 2 fret 8, n'kutsikira pa F, kenako E.

Mukaphatikiza G#, B, D ndi F mwapeza manoti anayi otalikirana ma fret atatuatatu, amene amati diminished. Pa E7 yopita ku A minor palibe china chimene chimamveka jazz msanga kuposa amenewa. Nawu mzere wathunthu, noti imodzi pa beat iliyonse, wotsika kuchokera pamwamba.

PA SIKIRINI:
Bar 9: C waya 1 fret 8, A waya 1 fret 5, F waya 2 fret 6, Eb waya 3 fret 8
Bar 10: D waya 3 fret 7, B waya 3 fret 4, G# waya 4 fret 6, F waya 5 fret 8
Bar 11: E waya 5 fret 7

GITALA: pang'onopang'ono, kenako pa liwiro la 90

Tamverani malo awiri olumikizira: Eb kutsikira pa D podutsa mzere wa bar, ndi F kutsikira pa E. Ponseponse ndi fret imodzi. Povuta ndi pa B ya fret 4, chifukwa ili kunja kwa malo amene dzanja linazolowera. Tambasulani chala cha mkombaphala chokha chibwerere m'mbuyo, dzanja lonse lisasunthe, apo ayi F ya pa fret 8 muiphonya. Mukauloweza mzerewu, yambani kuuphwanya: yambirani pa A m'malo mwa C, siyani beat yoyamba ili chete, kapena mukafika pa G# kwerani pa A, waya 4 fret 7, m'malo motsika. Mzere woloweza umakhala wanu pokhapokha mutatha kuutembenuza m'njira zingapo.

Bar 12 ndi E7 kachiwiri, yokonzekeretsa kuzungulira kwina. Zonse za bar 10 zigwiranso ntchito, koma si nthawi zonse pofunika kudzazapo. G# mmodzi pa beat 4 wolowera pa A akukwana.

Tikambe za nthawi, chifukwa manoti olondola oimbidwa mowuma samveka jazz. Mu swing, beat imodzi muigawe patatu: noti yoyamba itenge magawo awiri, yachiwiri gawo limodzi. Yaitali, yaifupi. Liwiro likamakwera kusiyanaku kumachepa, manoti amayandikira kufanana. Olakwitsa ambiri amafupikitsa kwambiri noti yachiwiri n'kumenya mwamphamvu yoyamba, ndiye solo imamveka yodumphadumpha. Chitani mosemphana: noti yaifupiyo ndiyo ilandire kamphamvu pang'ono, ndipo muilumikize ndi yotsatira osasiya mpata. Ikani metronome, kachipangizo kogunda kosunga liwiro, pa 45, ndipo kugunda kulikonse mukuwerenge ngati beat 2 ndi beat 4. Pamenepo mukuimba pa liwiro la 90, koma beat 1 ndi 3 mukuzisunga nokha m'thupi. Masiku oyamba muzisochera, metronome izikhala ngati yatembenuka. Imani, werengani 2, 4, 2, 4 mokweza, lowetsani 1 ndi 3 pakati, yambaninso.

Za kukoka waya. Mu blues ya rock timakoka kwambiri, koma oimba jazz ambiri amagwiritsa ntchito mawaya olimba, a geji 11 kapena 12, ovuta kukoka, ndiye amatsetsereka ndi chala kuchokera fret imodzi pansi. Yesani kulowa pa E ya waya 3 fret 9 kuchokera pa fret 8. Ngati mukoka, samalani ndi C: mukaikoka mopitirira imafika pa C#, ndipo pa Am7 imeneyo imawononga minor yonse. Vibrato ikhale yochepa, ibwere kumapeto kwa noti yaitali.

Solo ikafuna kukula, gwiritsani ntchito ma octave, ndiko kuimba noti imodzi pansi ndi pamwamba nthawi imodzi, njira imene Wes Montgomery anatchuka nayo, akumenya mawaya ndi chala chachikulu m'malo mwa pick. Gwirani A pa waya 4 fret 7 pamodzi ndi A pa waya 2 fret 10. Waya 3 ali pakatiyo mumugonetse ndi mimba ya chala cha mkombaphala kuti asalire. Akalira, ndiye kuti chala mwachiimika kwambiri, chigonekeni pang'ono. Yendani ndi kagwiridwe komweko pa manoti atatu kapena anayi okha, osathamanga.

Kapangidwe ka solo kakhale ngati nyimbo zakwathu zimene wina amatsogolera ena n'kuvomera. Imbani kachiganizo ka manoti anayi kapena asanu mu bar 1 ndi 2, khalani chete mu bar 3, kabwerezeni mu bar 5 mutasintha E kukhala F, ndipo yankho lenileni libwere pa bar 9 ndi 10. Njira yodziletsera kulankhula kosapuma ndi kuimba ndi pakamwa noti iliyonse imene chala chikugwira. Mpweya ukatha, chala chiimenso.

Poyeserera, mphindi 20 zigaweni chonchi. Zisanu zoyamba imbani noti imodzi yokha pa bar iliyonse: C pa Am7, F pa Dm7, Eb pa F7, G# pa E7. Mphindi 10 zotsatira bwerezani ma bar 9, 10 ndi 11 okha. Zisanu zomaliza zimitsani ma chord, siyani metronome yokha, imbani solo n'kuijambula. Pomvera dzifunseni ngati mukutha kuloza pamene pali bar 5 ndi bar 10 kuchokera mu solo yokhayo. Ngati simukutha, bwererani ku noti imodzi pa bar.

Kuti khutu lizolowere, mverani The Thrill Is Gone ya B.B. King, ya 1969. Ili mu B minor, ndipo pa bar 9 ndi 10 mumva kutsika komweku kwa fret imodzi, kuchoka pa G kupita pa F#. Mr. P.C. ya John Coltrane, ya mu chimbale cha Giant Steps cha 1960, ili mu C minor ndipo ma chord ake ndi Cm7, Fm7, Ab7 ndi G7. Ndi yothamanga kwambiri, choncho poyamba muzingowerenga ma bar osagwira gitala. Mukafuna kuimba nawo mu C minor, zonse taphunzira lero zisunthireni ma fret atatu kutsogolo: pentatonic iyambira pa fret 8, F wa pa waya 2 asanduka Ab pa fret 9, ndipo G# wa pa waya 4 asanduka B pa fret 9.