Amayi, musagule kaye mabotolo aja

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, kuno ku Manchester kwada kale, ndiye ndati ndikuyankheni za mabotolo a mankhwala azitsamba aja munanditumizira zithunzi pa WhatsApp pofunsa ngati mungagule.

Loyamba lija, la St John's wort, musaligule ndithu. Kuno amagulitsa m'mashopu kwa anthu amene akhumudwa mumtima, koma vuto lake ndi loti mankhwala amenewa amachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena m'thupi. Munthu n'kumamwa mapiritsi ake mokhulupirika, osadziwa kuti mphamvu yake ikuchepa. Amatero ndi ma ARV, mapiritsi akulera, ngakhale nifedipine wa BP amene mumamwa uja. Chonde muwauzenso amalume, paja botolo likalowa m'nyumba mwathumo aliyense amalawako.

Ginseng amati ndi wopatsa mphamvu, koma ena amawasowetsa tulo, komanso amatsitsa shuga. Inu tulo mukusowa kale. Ashwagandha anthu amamutama kuti amachepetsa nkhawa, komabe alipo ena amene anawonongeka naye chiwindi, ndipo ku Denmark anamuletsa mu 2023.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi kufooka kwanuko, amayi. Achemwali andiuza kuti pobwera kumsika mukumatula dengu panjira n'kukhala pansi kuti mupume, ndipo nsima mukumangodya pang'ono n'kusamba m'manja. Mwina magazi achepa, mwina ndi shuga, mwinanso BP yomweyo, ndipo zonsezi zimadziwika akakuyezani. Pitani ku Matawale kapena ku Zomba Central. Mutenge kabuku kanu kakuchipatala, mapiritsi onse muike m'jumbo adokotala akaone ndi maso awo. Mukawauzenso zoti chimwalirireni bambo simukugona, usiku mumangolira. Musachite nazo manyazi ayi, chisoni chikakhalitsa chonchi chimasanduka matenda, ndipo thandizo lake lilipo kuchipatala komweko.

Pakadali pano, cham'mwamba chili kuseri kwa khitchini chija muzithira m'phala monga mumachitira kale. Bonongwe, nyemba, matemba a ku Chilwa, muzidya ndithu ngakhale mulibe chilakolako.

Ndalama ndatumiza pa Airtel Money ya achemwali, ya kabaza ndi yogulira ndiwo. Akuperekezeni Lolemba m'mamawa mzere usanatalike. Mukatuluka mungondiflasha, ndiimba ine kuti mundiuze zimene apeza.