Bowa womera pa kapinga: kumbani kaye musanatereke poto

[Chithunzi: kapinga wonyowa kuseri kwa nyumba ku Mulanje, bowa woyera wamera mozungulira]

Mvula ikagwa masiku awiri motsatizana, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kapinga wa kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amadzuka ndi bowa. Wamkulu, woyera, wokongola. Amene mukumuonayu ndi mmodzi mwa bowa amene amadwalitsa anthu kwambiri m'mayiko otentha, ndipo chomwe chimanyenga n'chakuti amaoneka ngati utale.

Akatswiri amamutcha Chlorophyllum molybdites. Chipewa chake chimatha kukula ngati mbale ya ndiwo, chili ndi mamba ofiirira pamwamba, ndipo paphesi pali mphete. Amadya udzu wowola, n'chifukwa chake amakonda kapinga wothiridwa manyowa. Ameneyu ndi chirombo, si ndiwo.

[Chithunzi: dzanja likukumba ndi mpeni]

Musamuthyole. Lowetsani mpeni pansi, mutuluke naye yense, chifukwa umboni waukulu uli m'dothi. Utale, nyonzwe ndi anzawo amalimidwa ndi chiswe, ndiye amakhala ndi muzu wautali wolowa mpaka ku chisa cha chiswecho. Mukakumba, muzuwo umangopitirira mpaka kuduka. Nthawi zambiri pakati pa chipewa pamakhalanso kansonga kolimba komwe anaboolera dothi. Chirombo cha pa kapingachi chilibe muzu wotero: phesi limangothera pomwepo, lotupa pang'ono. Manda, timabowa ting'onoting'ono tomera tambirimbiri pa dothi lomwe chiswe chatulutsa, ndi tosiyana. Timeneti sitikhala ndi muzu wautali.

Mukapeza kathumba kokuta tsinde, imani kaye. Ameneyo akhoza kukhala wa banja la Amanita. Ndelema amene timagula m'mbali mwa msewu ndi wa banja lomweli, koma iye amamera m'nkhalango zachilengedwe, pansi pa mitengo ngati mombo, tsamba ndi masuku, chifukwa amadalira mizu yake. Wofanana naye akamera pa kapinga, pafupi ndi paini kapena mitengo ina yobwera, musamuyese ndelema. Banja limeneli ndi lomwe lili ndi bowa wakupha kwambiri padziko lonse.

[Chithunzi: chipewa cha bowa pa pepala, chovundikiridwa ndi kapu]

Tsopano muyeso womwe sufuna ndalama. Sankhani bowa wotambasuka bwino. Dulani phesi, ikani chipewa pa pepala loyera timizere ta kunsi titaloza pansi, donthezani madzi pang'ono pamwamba, vundikirani ndi kapu kuti mphepo isalowe. Dikirani maola 6 kapena usiku wonse. Bowa amagwetsa fumbi, lomwe ndi mbewu zake.

Fumbi lobiriwira, tayani basi. A chiswe aja amagwetsa lotuwa lopita ku pinki. Lakuda ngati khofi ndi la banja la bowa wa m'sitolo, koma nalonso lili ndi oipa ake: kandani tsinde ndi chikhadabo, likasanduka chikasu n'kumanunkha ngati mankhwala, musiyeni. Loyera silimaoneka bwino pa pepala loyera, choncho ikani theka la chipewa pa pepala lakuda.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Chirombo chija chikakhala chaching'ono, timizere take ndi toyera mbee, kubiriwira kumabwera chikakhwima. Chosatambasuka sichigwetsa fumbi. Ndiye amene wathyola m'mawa, akuti ndapeza wanthete, ndi amene alibe umboni uliwonse.

Zakuti nkhono kapena anyani akadya ndiye kuti ndi wabwino, ayi. Matupi athu ndi osiyana. Kuwiritsa, kuyanika, kuthira chidulo, sizichotsa poizoni wa Amanita. Ndipo ngakhale bowa wodyedwa, akamera pomwe papoperedwa mankhwala ophera udzu, monga m'mphepete mwa minda ya tiyi, ife timati asiyidwe.

Miyeso yonseyi ntchito yake ndi kukuuzani woti mutaye. Siikupatsani chilolezo chodya. Chilolezocho chichokere kwa amayi amene akhala akuzula bowa wa dera lomwelo zaka zambiri, atamugwira yense ndi muzu womwe n'kumutchula dzina mosakayika. Chithunzi cha pa WhatsApp sichikwanira. Pomwe pamasewera ana, zulani bowa yense m'mawa anawo asanatuluke.

[Chithunzi: wotchi]

Wina akadya n'kudwala, onani nthawi. Wa fumbi lobiriwira amayamba msanga, pasanathe maola atatu: kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri, mwina ndi magazi. Choopsa ndi kutha madzi m'thupi, makamaka kwa ana ndi okalamba, choncho mupatseni Thanzi ORS muli pa ulendo wa kuchipatala. Zizindikiro zikachedwa maola 6 mpaka 24, n'zoopsa koposa. Munthu amaoneka ngati wachira tsiku lachiwiri, pomwe chiwindi chikuwonongeka, kenako maso amasanduka achikasu. Musadikire zimenezo. Onse amene anadya nawo apite ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, kapena chilichonse chapafupi, ngakhale amene sakumva kanthu. Tengani bowa wotsala, wosaphika ngati alipo, mumukulunge m'pepala osati m'jumbo, ndipo muwauze adokotala ola lomwe munadya.