Musafulumire kunena kuti ng'ombe yanu ndi chumba

Alimi a ng'ombe za mkaka ku Chipata, Katete ndi Lundazi, musanaigulitse kwa opha nyama ng'ombe imene ikukanika kutenga bere, tamverani. Kawirikawiri ng'ombeyo ili bwinobwino, chimene chikuphonyeka ndi nthawi yoikweretsa.

Ng'ombe imafuna nkhunzi pakapita masiku 21, ina 18, ina mpaka 24. Nyengo yofuna nkhunziyo ndi yaifupi, maola 12 mpaka 18, ndipo kukatentha mu Okutobala imacheperanso, mwina nkudutsa usiku inu muli m'tulo. Ndiye muziiyang'ana mbandakucha ndi madzulo, mphindi 30. Kulira, kuchepa kwa mkaka ndi chikazi chonanda ngati choyera cha dzira ndi chenjezo chabe. Chizindikiro chenicheni nchakuti inzake ikaikwera, imaima osathawa. Amene muli ndi imodzi yokha m'khola, dalirani chikazicho, ndipo tsiku lake muzililemba m'kabuku.

Mukaiona m'mawa, woika umuna abwere madzulo. Mukaiona madzulo, abwere m'mawa mwake. Timagazi kumchira tikutanthauza kuti mwachedwa ndi masiku awiri; werengani masiku 18, muyambenso kulondera.

Chachiwiri ndi njala. Kuyambira Ogasiti msipu umakhala wauma, koma ife timangokamabe. Ng'ombe imasungunula mafuta a m'thupi mwake kupangira mkaka, ndipo ikawonda mazira amaleka kukhwima. Nthiti zikayamba kuwerengeka, jekeseni sangathandize, ikufuna chakudya: gaga wosakaniza ndi keke ya mpendadzuwa kapena ya thonje (zotsala akafinya mafuta), masamba ouma a nshawa amene ambiri timangowatentha kumunda, ndi mchere wonyambita wokhala ndi phosphorus. Mukaiona ikutafuna mafupa kapena mitengo, dziwani kuti mcherewo ukusowa.

Ikabereka, nsengwa izituluka pasanathe maola 12. Ikachedwa, chonde musakoke, musamangirirepo mwala. Mumavulaza chiberekero, mafinya nkuyamba, ndipo m'chiberekero chamafinya bere silikhala. Itanani dokotala wa ziweto, kenaka dikirani masiku 45 mpaka 60 musanaikweretsenso.

Ikapoloza bere la miyezi 6 kapena kupitirira, ganizirani brucellosis, matenda amene amagwiranso anthu. Musagwire thole lakufalo ndi manja, likwirireni mozama, mkaka muziwiritsa, ndipo ng'ombe zonse za m'kholamo ziyezedwe magazi. Imene yakweretsedwa katatu pa nthawi yake osatenga, dokotala aipime chiberekero, ndipo nkhunzi kapena umunawo ufufuzidwenso.