Mpopi wosagwira ndi manja umafuna mavolti 6 okha, nanga 230 akudzatani pansi pa sinki?

[Kamera ili pa sinki. Manja ali mamba a chambo okhaokha. Dzanja likuyandikira mpopi, madzi akutuluka.]

Mwaona? Sindinaugwire. Ndachotsa dzanja, watseka wokha. Muli bwanji nonse, lero tili kwa achemwali anga kuno ku Chitakale, ku Mulanje, ndipo nkhani yathu ili m'kabati iyi, pansi pa sinki.

Tiyambe ndi mmene mpopiwu umagwirira ntchito. Kagalasi kakuda aka ndi sensa. Kamatulutsa kuwala kumene maso athu saona, kuwalako kukagunda dzanja n'kubwerera, kamauza kabokosi kali pansipa kuti tsegula. M'kabokosimo muli vavu yotchedwa solenoid, imene imatsegula ndi kutseka njira ya madzi. Basi. Mipopi yambiri ya mtunduwu imayendera mavolti 6, omwe ndi mabatire anayi a AA, aja a mu wailesi yaing'ono. Ina imafuna mabatire 6. Mavolti ochepa chonchi sangakuvulazeni. Chimene chimapha ndi magetsi a ESCOM, mavolti 230, mukawalowetsa mosasamala pamalo podontha madzi.

[Akutsegula kabati, akuunika ndi tochi ya foni.]

Nditafika dzana ndinapeza zondiimitsa mutu. Amene anaika mpopiwu anakoka ekisitenshoni kuchokera kuseri kwa firiji, n'kuigoneka pansi penipeni pa paipi yotayira madzi. Pambali pake chidebe cha sopo ndi chikolopa chonyowa. Onani banga ili pa thabwa, apa pamadontha. Nditafunsa, achemwali akuti, "Achimwene, koma ikugwiratu bwinobwino." Ee, ikugwira. Tsiku limene paipi idzamasuke, madzi adzalowa m'mabowo a ekisitenshoni, ndipo woyamba kupisa dzanja kufuna sopo mwina adzakhala mwana.

Njira yoyamba ndi mabatire, ndipo ine kuno kwathu ndimaikonda. Palibe kubowola khoma, palibe kukhudza mawaya a nyumba, ndiye malamulo a magetsi sakukuvutani n'komwe. Komanso magetsi athu mumawadziwa. Ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinaona tonse mmene mdima unatalikira. Mpopi wodalira soketi yokha, magetsi akazima umangokuyang'anani. Madzi alipo m'paipi, koma nsima simuphika. Pogula funsani ngati uli ndi kotsegulira pamanja, kakachitsulo kapena kogudubuza pa solenoid kamene kamausandutsa mpopi wamba.

Kabokosi ka mabatire musakagoneke pansi. Kapachikeni m'mwamba pa khoma la kabati. Kuno ndi ku Thyolo chiperoni chikagwa, m'kabati mumachita chinyontho masiku angapo, ndipo timasipuling'i ta mabatire timachita dzimbiri. Gulani mabatire a alkaline, osati otchipa aja amene amatuluka madzi, ndipo musasakanize akale ndi atsopano.

Njira yachiwiri ndi adaputa, yofanana ndi chaja ya foni, imene imatsitsa 230 kufika pa mavolti ochepa aja. Apa ndiye pofunika kukhala pansi.

Werengani timalemba ta pa adaputayo musanailowetse. Mipopi yambiri imene abale amatitumizira kuchokera ku America inapangidwira mavolti 120. Ngati palembedwa 100 mpaka 240, palibe vuto. Ngati palembedwa 120 yekha, mukangoilowetsa mumva phuu, kenako fungo la pulasitiki yopserera. Mano a pulagi nawonso amasiyana. Masoketi athu ndi a mabowo atatu ngati a ku Britain. Chizolowezi chija chotokosa bowo la pamwamba ndi cholembera kuti pulagi ya mano awiri ilowe, pansi pa sinki chisafikeko.

[Kamera ili pa bokosi la magetsi m'kolido. Chala chikuloza swichi yokhala ndi batani la T, loyesera ngati swichiyo ikuzimitsadi magetsi.]

Ichi ndicho chimene ndikufuna musaiwale. Anthu ambiri amaganiza kuti buleka imawateteza. Buleka imateteza waya kuti asapse, ndipo imadikira magetsi opitirira mulingo wake, monga maampu 20 kapena 32 (ampu ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya), kuti igwe. Munthu amafa ndi magetsi osafika ngakhale ampu imodzi. Chimene chimayang'anira munthu ndi ichi, RCD, ena amati earth leakage. Chimayerekeza magetsi amene akupita pa waya wa live ndi amene akubwerera pa neutral. Zikasiyana, ndiye kuti ena athawira kwina, mwina m'madzi, mwina m'thupi mwanu, ndipo chimazimitsa sekondi isanathe. Yang'anani kuti palembedwa 30mA, kutanthauza kuti chimazimitsa magetsi othawawo akangofika kachigawo kakang'ono ka ampu imodzi. Malamulo a ku Britain a BS 7671 amafuna chitetezo chotere pa masoketi a m'nyumba. Aku America ali ndi chawo chotchedwa GFCI, ndicho mumachimva m'mavidiyo awo, koma chawocho nthawi zambiri ndi cha mavolti 120, musachigule kuti mudzaike kuno.

Nyumba zakale zambiri mulibe RCD. Ya achemwali ili nayo, mwayi wake.

Tsono soketi ya pansi pa sinki aike ndani? Osati pulambala, ngakhale atanena kuti amazitha. Osatinso mnyamata wa pa msika wokonza mafoni. Ku Malawi kuno bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa anthu oika mawaya a magetsi m'nyumba. Mufunseni mwaulemu, "Bambo, ndingaone nawo chiphaso chanu?" Wodziwa ntchito sakwiya.

Akabwera, muonetsetse kuti soketi waikhoma m'mwamba, pakhoma lolimba, kutali ndi molumikizira mapaipi, pamalo poti dzanja lifike mosavuta mukafuna kuzimitsa. Waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, alumikizidwe ndipo awuyeze ndi mita, osati kungouyang'ana. Waya wa adaputa atsike kaye pansi pang'ono kenako akwere kupita ku soketi, ngati chilembo cha U, kuti dontho likatsetsereka ligwere pansi lisanafike ku magetsi. Soketiyo ikhale yoyaka nthawi zonse, isalumikizidwe ku swichi ya getsi la m'khitchini. Kulumikiza mawaya ndi tepi yakuda, ayi.

Mipopi ina imalola zonse ziwiri, adaputa ndi mabatire odikirira magetsi akazima. Ngati thumba likulola, tengani umenewo. Nyengo ya dzinja mphenzi zikayamba kuwomba m'phiri muja, zulani adaputa, mabatire agwire ntchito.

Chinanso, anthu amanamizira magetsi pamene vuto ndi madzi. Ngati mumamwa za m'thanki, dziwani kuti thanki yokwera mamita 10 ndiyo imapereka mphamvu ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyezo wa mphamvu ya madzi m'paipi). Thanki ya pa nsanja yaifupi ikhoza kulephera kutsegula solenoid bwinobwino, ndiye werengani pa katoni mphamvu imene mpopi ukufuna musanalipire.

[Akumasula paipi, akutulutsa kasefa kakang'ono, akukaika pachikhatho.]

Nanga aka? Kasefa ka pakhomo pa solenoid. Onani mchenga uwu, wofiira ngati dothi la m'minda ya tiyi. Achemwali amati vuto ndi magetsi, pamene mpopi unangotsamwa. Kutsuka ndi mswachi wakale, kubwezeretsa, yatha.

Ekisitenshoni ija tachotsa, pano tikuyendera mabatire mpaka wamagetsi abwere Loweruka. Achemwali, tabwerani mudinize batani la T lija anthu aone. Dinizani, musaope.

[Phokoso la thwa. Firiji yasiya kulira. Dzanja likuyandikira mpopi, madzi akutulukabe.]