Mawu a m'mawa: Goli lamtengo ndi goli lachitsulo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Ife kuno tadzuka, ngakhale tulo tinali tochepa ndi kutentha kwa usiku wathawu, ambiri tagona pakhonde. Ndikulemba dzuwa lisanatulukire pamapiri a Thyolo. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani Yeremiya 28. Ndi mavesi 17 okha, mumaliza madzi a tiyi asanawire.

Tsiku lina m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu munaima aneneri awiri, ansembe ndi anthu onse akuonerera. Inali nthawi ya mfumu Zedekiya. Nebukadinezara wa ku Babulo anali atabwera kale n'kutenga mfumu Yekoniya, nduna, amisiri, ngakhalenso ziwiya zopatulika za m'Kachisi. Mabanja ambiri anali ndi wawo amene anatengedwa. Yeremiya ankayenda mumzindamo atavala goli pakhosi, goli lenileni lamtengo, longa lomwe anzathu a ku Ngabu amamangira ng'ombe pangolo. Uthenga wake unali wowawa: gonjerani mfumu ya ku Babulo kuti mukhale ndi moyo. Ndiye kunatulukira Hananiya wa ku Gibeoni, n'kulengeza kuti Yehova wathyola goli la Babulo, ndipo zaka ziwiri zisanathe ziwiya zonse zibwerera, mfumu ibwerera, pamodzi ndi onse amene anagwidwa ukapolo.

Tadziikani m'khamu limenelo. Mwana wanu ali ku Babulo, simukudziwa ngati wadya. Mukanaombera m'manja ndani? Ine sindinama, ndikanaombera Hananiya. Onse awiri anayamba ndi "atero Yehova". Onse awiri anaima pamalo opatulika. Mutu womwewu ukuwatchula onse awiri kuti mneneri.

Yeremiya sanachite nsanje. Anayankha kuti Amen, Yehova achitedi zimenezo, pakuti iyenso ankalakalaka abale ake atabwerera. Koma anawonjezera kuti aneneri amakedzana ankachenjeza za nkhondo, tsoka ndi mliri, ndipo wolosera mtendere adzadziwika kuti anatumidwadi mawu akewo akachitika. Hananiya atamva anachotsa goli pakhosi pa Yeremiya n'kulithyola anthu akuona. Zikanakhala lero bwenzi wina atajambula pafoni, kanemayo atazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook dzuwa lisanalowe, m'munsi mwake anthu akulemba kuti "Amen, ndalandira". Nanga Yeremiya? Vesi 11 likuti anangonyamuka n'kumapita. Vesi limeneli ndimalikonda kwabasi. Munthu wachititsidwa manyazi pagulu, koma popeza Mulungu anali asanamupatse mawu ena, sanapeke ake oti adzichotsere manyaziwo. Anadikira. Mawu atabwera anali akuti: wathyola goli lamtengo, m'malo mwake kubwera lachitsulo, ndipo wachititsa anthu awa kudalira bodza. Hananiya analosera mwezi wachisanu, mwezi wachisanu ndi chiwiri anamwalira. Patapita zaka zochepa Yerusalemu anatenthedwa.

Nkhaniyi yandikhala pamtima chifukwa cha zimene zinachitika pakhomo pathu. Mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wanga, wakhala m'banja zaka zambiri popanda mphatso ya mwana. Amene munadutsamo mukudziwa mawu amene amalankhulidwa pamjigo munthu ukangopotoloka. Zaka zitatu zapitazo kunabwera mneneri wina pamsika wa kufupi ndi kwathu, anakhoma tenti, zokuzira mawu zili pokopoko usiku wonse. Mlamu anapita. Anamuloza pakati pa anthu, anatchula mudzi umene anabadwira, iye n'kugwa pansi. M'mawa mwake anauzidwa kuti kuonana ndi munthu wa Mulungu payekha n'kolipira, mafuta odzozera ali ndi mtengo wakenso. Mbuzi ziwiri zinapita. M'kachipindamo anamuuza zinthu ziwiri: kuti pali mayi wachikulire wakuchimuna amene anamumanga mimba, komanso kuti chaka chisanathe adzabereka mwana wamwamuna.

Mayi wachikulire wakuchimuna pakhomo pathu alipo mmodzi yekha. Ndi azakhali athu, amene anatilera bambo atamwalira, akuyenda ndi dengu la makakana ouma pamutu kuti ife tipeze yunifolomu. Dzina lawo silinatchulidwe, koma aliyense anamva. Ana anasiya kukawatungira madzi. Nsima yochokera kwawo inkabwerera osaikhudza. Ine amene ndikulemba pano ndinakhala chete, mumtima ndikuti mwina n'zoona, nanga mudzi uja anaudziwa bwanji? Uku kunali kulakwa kwanga, ndipo ndakulapa pamaso pa Mulungu. Chaka chinatha, chachiwiri, chachitatu. Mwana sanabwere, mneneri uja sanabwerenso, nambala yake siikupezeka. Amene akusenzabe goli ndi azakhali.

Musandimve molakwa, abale anga. Ine sindili m'gulu la onena kuti Mulungu anasiya kulankhula. Pa 1 Atesalonika 5:19-21 Paulo akuti tisazime Mzimu, tisanyoze uneneri, koma tiyese zonse ndi kugwiritsitsa chabwino. Anazilemba pamodzi. Vuto lathu timatenga mbali yoyamba n'kusiya ya kuyesayo, ngati kuti kufunsa ndi tchimo.

Muyeso woyamba anaupereka Mose pa Deuteronomo 18:22: mneneri akanena m'dzina la Yehova koma chinthucho osachitika, Yehova sananene, musamuope. Ndi wophweka choncho. Koma taganizani za usiku wa pa 31 December mmene timadzazira matchalitchi. Chaka chino ukwera ndege, chaka chino ukwatiwa, chaka chino ngongole zako zifufutidwa. Ikakwana December wina, ndani amabwerera kukafunsa za chaka chathacho? Timangolandira zatsopano. Pogulitsa thonje sitichotsa diso pasikelo, kuopa kuti ogula angatidyere kilogalamu imodzi. Mawu onena za moyo wathu wonse ndiye timawalandira osayeza. Ine masiku ano ndili ndi kope. Wina akandinenera, ndimalemba tsiku, mawu ake monga anawanenera, ndi nthawi imene wapereka. Yesani inunso, mudzadabwa ndi zimene kopelo lidzakuonetseni.

Ku America kunali mlaliki wa pawailesi, Harold Camping, amene analengeza kuti pa 21 May 2011 ndi tsiku lachiweruzo. Ena mwa omutsatira anawononga ndalama zawo zonse kufalitsa uthengawo. Tsikulo litadutsa anasunthira pa 21 October, nalonso linadutsa. Pamapeto pake anavomereza poyera kuti analakwa. Kuvomereza kumeneko n'kumene kumasowa kuno kwathu. Ulosi ukalephera amabweza mlandu kwa iwe: chikhulupiriro chako chinachepa, mbewu imene unafesa inali yaing'ono, unauza anthu msanga ndiye adani anatchinga. Yeremiya sanapatse Hananiya khomo lothawira lotere.

Tsono funso langa lija, nanga mudzi anaudziwa bwanji? Kuno anyamata a kabaza amadziwa kumene mayi aliyense anakwatiwa kuchokera, ndipo za banja losowa mwana mudzi wonse umadziwa. Koma tinene kuti palibe anamunong'oneza. Deuteronomo 13 ikuti ngakhale chizindikiro chitachitikadi, ngati munthuyo akukukokerani kutali ndi Yehova, musamumvere. Ku Filipi, pa Machitidwe 16, kunali mtsikana wantchito amene ankaombeza, ndipo ambuye ake ankapeza naye ndalama zambiri. Zimene ankafuula za Paulo ndi Sila zinali zoona ndithu, kuti ndi atumiki a Mulungu Wam'mwambamwamba. Paulo sanamuike paguwa, anatulutsa mzimuwo. Kutchula dzina la agogo ako kapena nambala yako ya foni si umboni wa Mzimu Woyera. Ula wa asing'anga nawonso umatchula mayina, ndipo nawonso umathera pa mawu omwewo, akuti pali wachibale amene wakuchita chipongwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Werengani aneneri a m'Baibulo muone kumene chala chawo chimaloza. Natani anapita kwa Davide, anamufotokozera za munthu wolemera amene analanda kankhosa ka mmphawi, Davide atapsa mtima anamuuza kuti munthuyo ndinu. Eliya anakumana ndi Ahabu m'munda wa Naboti momwemo. Amosi, woweta nkhosa ndi wosamalira mikuyu, anadzudzula ogulitsa tirigu ndi masikelo achinyengo ndi opondereza amphawi. Yohane Mbatizi anauza Herode za mkazi wa m'bale wake, mutu wake n'kudulidwa. Onsewa ankaloza amene ali patsogolo pawo, kawirikawiri wamphamvu, n'kumuuza kuti lapa. Ndafufuza, sindinapeze mneneri wa Yehova amene anauza munthu kuti mavuto ako onse ndi azakhali ako. Uneneri wambiri umene tikumva lero umakusiya iwe woyera, n'kuloza wina amene sali pomwepo, amene sangadziyankhire, ndipo nthawi zambiri ndi nkhalamba yosauka. Umatuluka m'tentimo tchimo lako lili chikhalire, wangowonjezera chidani. Paulo pa 1 Akorinto 14:3 akuti wonenera amalankhula zomanga, zolimbikitsa ndi zotonthoza. Mawu amene anachititsa ana kusiya kutungira madzi mayi amene anawalera anamanga chiyani?

Za ndalama sindichulutsa. Namani atachira khate anabweretsa mphatso, Elisa analumbira kuti salandira kanthu, ndipo Gehazi amene anathamangira mphatsozo anatenga ndi khate lomwe. Mika 3:5 akunena za aneneri amene amalalikira mtendere kwa owapatsa chakudya, koma osawaika kanthu m'kamwa amamuopseza ndi nkhondo. Mukaona kuti kukula kwa ulosi kukutsata kukula kwa envelopu, mwaona zimene Mika anaona. Ndipo wina akakuuzani kuti mwachira, tayani ma ARV kapena mankhwala a BP, kumbukirani Yesaya. Atauza mfumu Hezekiya kuti Yehova wamuwonjezera zaka 15, analamulanso kuti atenge nkhuyu aike pachithupsa chake.

Ndikudziwa vesi limene ena atumize pansipa, la Salimo 105:15, loti musakhudze odzozedwa anga. Yambirani kumtunda kwake. Likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali ochepa, akuyendayenda m'mayiko a eni, Mulungu n'kuchenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Silikuletsa mkhristu kufunsa. Mu mpingo wa ku Korinto lamulo linali lakuti aneneri awiri kapena atatu alankhule, enawo ayese zimene zanenedwa. Mneneri amene amakwiya ukamufunsa wakana dongosolo limene Paulo anaika.

Ife a kuchigwa kuno tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa ena. Mu January 2015, komanso mu March 2023 nthawi ya namondwe Freddy, tinaona zimene Ruo ndi Shire amachita akakwiya, ndipo a ku Makhanga angafotokoze bwino kuposa ine. Mawu oti samukirani kumtunda palibe amawakonda. Ndani afuna kusiya dimba lachonde ndi manda a makolo ake? Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wotiuza kuti gonani, madzi safika kuno, akanatisangalatsa usiku umodzi wokha. Ku Antiokeya, pa Machitidwe 11, mneneri Agabo analosera njala yaikulu, imene inagwadi m'masiku a Klaudiyo. Abale atamva sanafese mbewu kwa Agabo. Anasonkha aliyense monga mwa kupata kwake, n'kutumiza thandizo kwa abale a ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Ulosiwo unathera m'mbale za anthu anjala.

Mukamaliza mutu 28 musatseke, pitirirani ku 29. Yeremiya analembera kalata akapolo aja ku Babulo, amene nawonso anali ndi aneneri awo owauza kuti musamasule katundu, tibwerera posachedwa. Iye anati mangani nyumba, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani, pemphererani mzinda umene mulimo. Vesi 11 tonse timalidziwa, timaliika pa status, lija lonena za malingaliro a mtendere ndi tsogolo lachiyembekezo. Koma vesi 10 likuti zimenezo zidzachitika zikatha zaka 70. Ambiri amene anamva kalatayo ikuwerengedwa sanabwerere, obwerera anali ana ndi zidzukulu zawo. Lonjezolo linali loona, ndipo linawapeza ali ndi khasu m'manja, monga ife timabwerera kudimba madzi akaphwa kukabzala chimanga ndi mbatata pamatope omwe anatigwetsera nyumba.

Sabata yathayi tinawerenga mitu iwiriyi pakhomo ndi mng'ono wanga ndi mlamu. Mlamu sanayankhule kanthu usiku umenewo. Dzulo wabwera yekha n'kunena kuti, "Alamu, mundiperekeze kwa azakhali." Wakonza nkhuku ndi ufa pang'ono. Madzulo ano dzuwa likapendeka tikupita tonse atatu, ndipo woyamba kugwada ndikhala ine, chifukwa ndine wamkulu ndipo ndinakhala chete zaka zitatu. Mutikumbukire m'mapemphero anu lero. Mlamu wanga mumupemphererenso, mtima wake ukufunabe mwana.