Chevrolet 350 kusanduka 383: mamilimita 7 amene amasintha injini yonse

CHITHUNZI: Buloku ya injini yopanda mahedi, masilinda 8 ali yasa.

WOLANKHULA: Takulandiraninso, okonda magalimoto. Chitsulo mukuchiona apachi ndi Chevrolet 350, injini ya V8 ya malita 5.7. Mtundu wa injini zimenezi, womwe ku America amautcha small-block, unayamba mu 1955, ndipo 350 inaonekera koyamba m'galimoto ya Camaro SS ya 1967. Ikamadzabwerera m'galimoto idzakhala 383, malita 6.3, koma buloku ili yomweyi.

Manambalawa akunena kukula kwa malo amene mapistoni onse 8 amayendamo, pa muyezo wa ma cubic inch. Kuti malowo akule, mumakuza silinda kapena mumatalikitsa ulendo wa pistoni. Silinda ya 350 ndi mainchi 4 mulifupi. Ikaperepeseka amaiboola pang'ono, inchi 0.030, koma zimenezo zimangokufikitsani pa 355. Zotsalazo zimachokera ku crankshaft, chitsulo chimene mapistoni amazungulitsa pokwera ndi kutsika.

CHITHUNZI: Ma crankshaft awiri agonekedwa pa tebulo.

WOLANKHULA: Ya kumanzereyi ndi ya 350, imayendetsa pistoni mainchi 3.48. Ya kumanjayi mainchi 3.75, muyezo wa injini ya Chevrolet 400 yomwe inkapangidwa kuyambira 1970 mpaka 1980. Kusiyana kwake sikukwana bwino mamilimita 7. Kale amakaniko ankachita kuzula crankshaft mu 400 n'kukaipala pogonera pake, kuchoka pa mainchi 2.65 kufika pa 2.45, kuti ilowe mu 350. Masiku ano makampani monga Scat ndi Eagle amagulitsa yopangiratu.

Phindu lake n'chiyani? Bawuti ikakakamira, mumalowetsa paipi ku sipanala, n'kumasuka ngati masewera. Mkono wa crankshaft ukatalika zimakhalanso choncho, komanso silinda iliyonse imameza mpweya ndi petulo wochulukirapo. Galimoto imanyamuka ndi mphamvu injini isanakuwe n'komwe. Kwa Camaro yoyenda mumsewu, imeneyo ndiye mphamvu yomwe munthu amaimva kumsana.

Koma musanagule kalikonse, buloku ipite kaye kokatsukidwa ndi kukaunikidwa ndi maginito ngati ili ndi ming'alu. Chitsulo chimene chakhala chikutentha ndi kuzizira kwa zaka 50 chimabisa zambiri. Ikapezeka yong'aluka, funani ina.

CHITHUNZI: Buloku yatembenuzidwa chadodolido, dzanja likuzungulitsa crankshaft pang'onopang'ono.

WOLANKHULA: Apa ndiye pagona nkhani. Tamvani. Gu! Yaima. Con-rod, mkono wolumikiza pistoni ku crankshaft, yagunda m'munsi mwa silinda, chifukwa tsopano ikuzungulira motambasuka kuposa mmene anakonzera a Chevrolet. Ndiye mumamanga imodziimodzi, kuzungulitsa ndi manja, kulemba chizindikiro pomwe yakhudza, kumasula, kupala bulokuyo ndi galayinda, kumanganso. Siyani mpata wa milimita imodzi ndi theka kapena chapompo. Osapala mwaukali, chifukwa kuseri kwa chitsulocho kumadutsa madzi, ndipo mukaboola, buloku yatha ntchito. Musaiwale kusuzumiranso cha ku camshaft, chitsulo chotsegula mavavu, nakonso mabawuti a con-rod amatha kukhudza. Ntchito imeneyi imadya tsiku lathunthu, n'chifukwa chake ambiri amaithamangira. Mukamaliza, sopo, madzi otentha ndi burashi, mpaka nsalu yoyera ituluke mu silinda ili mbee.

Mapistoni akale a 350 aiwaleni. Mukawamanga pa con-rod ya mainchi 5.7 ndi crankshaft yatsopanoyi, atumphukira pamwamba pa buloku ndi mamilimita pafupifupi 3. Pamafunika mapistoni a 383, omwe pini yake ili m'mwambako.

Palinso china chimene chalizapo anthu ambiri. Injini ya 350 imalinganizidwa kulemera mkati mwake momwemo. Ya 400 ayi, mbali ina ya kulemerako ili pa zitsulo zozungulira za kumapeto kwa crankshaft, damper ya kutsogolo ndi flywheel kumbuyo. Ngati crankshaft yanu ndi ya mtundu wa 400, ziwirizi zikhalenso za mtundu womwewo. Mukasakaniza, injini imanjenjemera ngati chigayo, ma bearing n'kutha msanga.

CHITHUNZI: Kaulusi kobiriwira kagonekedwa pa crankshaft.

WOLANKHULA: Aka ndi Plastigage, koyezera mpata wa pakati pa crankshaft ndi bearing. Mumakagoneka pamenepa, kumanga kapu ndi torque wrench, osazungulitsa, kenako kumasula. Mmene kaphwanyikira mumayerekeza ndi mizere ya pa pepala lake. Tikufuna mpata wa pakati pa inchi 0.002 ndi 0.003, wochepa ngati tsitsi la munthu. Oyilo amakhala mmenemo.

Za mahedi, mwachidule. Injini za m'ma 1960 zinkamwa petulo wa lead, amene ankateteza pokhalira mavavu. Petulo ameneyo kulibenso, ndiye ikitsani pokhalira mavavu polimba, ma seat, kumbali ya ekizozi. Kumbukiraninso kuti silinda ikakula hedi ili yomweyo, compression, kupanikizika kwa mpweya ndi petulo mu silinda, imakwera. Injini ya 350 yotchedwa LT-1 ya 1970 inali pa 11:1, koma pofika 1971 a General Motors, eni ake a Chevrolet, anali atatsitsa kale compression pa injini zawo. Ndi mahedi achitsulo ndi petulo wa pa filing'i siteshoni, khalani cha pa 9.5:1.

Camshaft yaikulu ija, yopangitsa injini kulira mwachibwibwi, ndikudziwa mumaikonda. Nanenso ndimaikonda. Koma imaba mphamvu yonyamukira ija yomwe mwaivutikira, ndipo mabuleki a booster amauma. Yapakatikati ndi kabuleta ya Holley ya 650 kapena 750 cfm, muyezo wa mpweya umene imalowetsa pa mphindi, n'zokwana.

CHITHUNZI: Injini yamangidwa, dilu yalowetsedwa pa bowo la distributor, chogawira moto ku mapulagi.

WOLANKHULA: Tisanalize, tikuzungulitsa pampu ya oyilo ndi dilu mpaka oyilo atafika pamwamba. Mawaya a mapulagi atsate 1-8-4-3-6-5-7-2, ndipo samalani 5 ndi 7, amayandikana, amasokoneza. Ngati camshaft ndi ya flat tappet, yokankha mavavu kudzera pa tizitsulo tosalala topanda mawilo, thirani oyilo wokhala ndi zinc wambiri, chifukwa wa magalimoto amakono anamuchepetsa zinc. Ikangolira, osaisiya pa idle. Ikwezeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm, maulendo amene injini imazungulira pa mphindi, kwa mphindi 20 mpaka 30, mukusinthasintha pang'ono, chifukwa camshaft imadalira oyilo amene crankshaft ikuwaza. Mnzanu mmodzi maso pa geji ya oyilo, wina pa ya kutentha. Mukazimitsa, khetsani oyilo akadali otentha, dulani fyuluta pakati, tambasulani pepala lake padzuwa. Fumbi lotuwa pang'ono ndi la maringi akukhazikika. Mukaona tizidutswa tonyezimira ngati mamba a usipa, tulutsani masipanala, tikumasulanso.