Khungwa lowawa lomwe linazunguza mitu madokotala a ku Ulaya

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambe za kwinini, eee yemwe uja wowawa koopsa, ukamwa makutu amangolira kuti ziii. Nkhani yake siyambira mu botolo ayi, ikuyambira pa mtengo wa cinchona m'mapiri a Andes, cha ku Peru ndi Ecuador uko.

Cha m'ma 1630 ansembe a Katolika a gulu la Jesuit omwe anali ku Peru anayamba kutumiza khungwa la mtengowu ku Ulaya. Ankalisinja n'kukhala ufa, kuthira mu vinyo, munthu wa malungo akamwa kunjenjemera kuja kumasiya. Ku Rome malungo anali osasimbika chifukwa cha madambo, ndiye mungaganize kuti madokotala analandira ndi manja awiri eti? Ayi ndithu, ambiri anakana.

Chifukwa chake n'ichi, ndipo apa mvetserani bwino. Nthawi imeneyo madokotala ankatsatira chiphunzitso cha Galen, dokotala yemwe anali atamwalira zaka zoposa 1,400 zapitazo, choti m'thupi muli zamadzi zinayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Kudwala kunkatanthauza kuti china chachuluka kapena chawola mkatimo, ndiye kuchiza kunali kuchitulutsa basi, kumucheka munthu mtsempha magazi atuluke, kumusanzitsa, kumutsegula m'mimba, munthu woti malungo amufoola kale. Zimandipweteka kwambiri ndikaganiza anthu omwe anapita chifukwa cha chithandizo chotero.

Tsono khungwa lija silinkatulutsa kanthu. Osasanza, osathamangira kuchimbudzi, thupi kungozizira. Madokotala nkumati ndiye matendawo atulukira pati? Komanso pa kawerengedwe kawo chinthu chowawa chotero chinali m'gulu la mankhwala otentha, nanga chotentha chingazimitse bwanji kutentha thupi? Ena anati ufawo umangotsekera matenda mkati, ndipo malungo akabwerera ankati mwaonatu. Chonsecho vuto linali loti anthu ankamwa pang'ono n'kusiya msanga, kwinaku amalonda ena akusakaniza makungwa a mitengo ina. Ku England kunali ena okana chifukwa cha mpingo chabe, ati ufa wa ma Jesuit ife ayi.

Kenako ku England komweko kunabwera Robert Talbor. Uyu sanali dokotala wa digiri, anaphunzira ntchito kwa wosakaniza mankhwala ku Cambridge, n'kukakhala ku madambo a Essex komwe odwala anali mbweee. Mu 1672 analemba buku lochenjeza anthu kuti asamale ndi ufa wa ma Jesuit, pomwe mankhwala ake achinsinsi anali khungwa lomwelo, atalibisa mu vinyo ndi zokometsera. Chomwe iye anatulukira chinali mlingo, kumwetsa wokwanira komanso mobwereza, osati kamodzi basi. Anachiritsa mfumu ya ku England Charles II, kenako Louis XIV, mfumu ya ku France, anagula chinsinsicho. Talbor atamwalira mu 1681, Louis uja anachiulula poyera, madokotala kukamwa yasa.

Koma ngakhale pamenepo palibe ankadziwa chomwe chili m'khungwamo, kapena chomwe chimayambitsa malungo. Ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo, dzina loti malaria lachokera pomwepo, m'Chitaliyana. Zinatenga mpaka 1820 kuti akatswiri a mankhwala Pelletier ndi Caventou ku Paris apatule kwinini weniweni m'khungwalo, apa nkuti tsopano ayamba kuyeza mlingo pa sikelo. Tizilombo ta malungo anationa Alphonse Laveran mu 1880, ndipo Ronald Ross anatipeza mu udzudzu mu 1897. Tawerengani nokha, zaka pafupifupi 250 anthu akuchira osadziwa kuti mankhwalawo akupha chiyani.

Kwinini ameneyu anafika mpaka kuno kwathu. David Livingstone poyenda mu Zambezi ndi Shire ankamudalira kwambiri, anali ndi mapilitsi ake osakaniza yekha. Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero uja, bwato lake linagubuduka mankhwala n'kumira, kwinini yemwe. Malungo anamupeza alibe kanthu m'manja, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire, cha ku Chiromo.